Kulandira Wokamba Nthano Watsopano: Phunziro Lochokera ku Mua

Mawu oyamba

Pali masewero ena amene sayamba popanda munthu mmodzi wowatsogolera. Mu 1974, Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America anatulutsa sewero lotchedwa Dungeons & Dragons. Osewera amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kutenga mbali ya munthu wa m'nkhani, pamene mmodzi, yemwe pa Chingerezi amamutcha game master, amafotokoza malo, amayankhula m'malo mwa adani ndiponso amaweruza zochitika. Dandaulo lomwe limamveka pakati pa osewerawa ndi lakuti akatswiri ena amanyoza wotsogolera watsopano mpaka iye amagwa ulesi. Kwathu ku Mua udindo wofanana ndi umenewu ndi wa wokamba nthano. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti nthano zili kale ndi njira zake zolandirira wophunzira, koma ife omvera ndi amene timazitseka.

Khomo loyenera kutseka

Sindikunena kuti kutseka khomo n'kolakwika nthawi zonse. Aliyense wokulira m'midzi ya ku Mua, Golomoti kapena Mtakataka amadziwa kuti kudambwe sikulowa munthu wosameta. Ofuna kudziwa za gule wamkulu amayamba agula njira, ndipo akuluakulu a mzinda amamulangiza. Ngakhale malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976 pa mishoni ya Mua, amaonetsa zigoba za gule zoposa 400 m'nyumba ya Chamare, kuona chigoba sikusandutsa mlendo kukhala wolowa. Khomo limeneli lili ndi chifukwa chake: guleyu amakhudza mizimu ya makolo, maliro ndi chinamwali. Komanso lili ndi njira yodziwika yolowera.

Nthano zilibe dambwe. Palibe nkhuku kapena ndalama imene mwana amapereka kuti aloledwe kukamba za Kalulu ndi Fisi. Komabe ndaona kuti timamanga mpanda pamene makolo sanaikepo mpanda.

Mmene timatsekera wokamba watsopano

Njira yoyamba ndi kumudula mawu. Mwana akangosintha pang'ono, wina amafuula kuti, "Simmene imathera!" Wotereyu amaiwala kuti nthano ya pakamwa ilibe maonekedwe amodzi. Agogo awiri a m'mudzi umodzi akhoza kukamba za Kamdothi mosiyana, ndipo palibe wonama pa awiriwo.

Njira yachiwiri ndi kuseka chiyankhulo. Dera lathu ndi losakanikirana: muli Achewa, Angoni a kwa Kachindamoto ndi Ayao a m'mbali mwa nyanja. Mwana akaponyamo mawu a kwawo kwa amayi ake, kapena akampatsa Kalulu njinga ya kabaza, ena amati akuononga chikhalidwe. Koma nthano imakoma ikamatchula zinthu zimene omvera amaziona tsiku ndi tsiku.

Njira yachitatu ndi ya ife ophunzira. Tikawerenga nthano m'buku timayamba kuganiza kuti yolembedwayo ndiyo yeniyeni. Mabuku monga Land of Fire la Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe, lomwe linatuluka mu 1985, ndi chuma chachikulu. Koma buku limasunga mmene munthu mmodzi anakambira tsiku limodzi. Tikaligwiritsa ntchito ngati ndodo yokwapulira wokamba wamoyo, ndiye kuti sitinalimvetse.

Mmene nthano zimalandirira wophunzira

Tikayang'ana kamangidwe ka nthano, tiona kuti makolo anaganizira munthu wamantha. Wokamba akati, "Padangokhala," omvera amayankha kuti, "Tili tonse." Yankholi limabwerezedwa pafupifupi pa chiganizo chilichonse, ndipo limagwira ntchito ziwiri. Limamutsimikizira wokambayo kuti anzake sanagone, komanso limamupatsa kamphindi kokokera mpweya ndi kukumbukira chotsatira. Amene anakambapo nthano amadziwa kuti omvera akangokhala duu, mutu umaima.

Nyimbo ya m'kati mwa nthano nayo ndi mpumulo. Wokamba amangotsogolera, gulu n'kuvomereza, ndipo katundu amene anali pamutu pa mmodzi amasenzedwa ndi onse. Palinso makwerero. Mwana amayamba ndi kuvomera, kenaka amaponya ndagi, pambuyo pake amakamba kanthano kafupi ka Kamba, mpaka tsiku lina amatha kusunga gulu lonse ndi nthano yaitali ya nyimbo zitatu. Palibe amene anabadwa ali katswiri. Agogo amene timawatama lero nawonso anayamba ndi kudodoma.

Choncho mphunzitsi kapena kholo limene likufuna kuthandiza lisiye mwana afike pamapeto. Ngati waiwala gawo, amufunse kuti, "Nanga Fisi anatani?" osati kumulanda nkhaniyo. Kukonza kubwere nthano itatha, ndipo njira yabwino ndi yakuti wamkuluyo akambe nthano yomweyo mmene iye anaimvera, kuti mwana adzisankhire yekha chotola.

Mawu omaliza

Masiku ano madzulo a ana ambiri amathera pa foni kapena m'nyumba zoonetseramo kanema pa misika ya Golomoti ndi Mtakataka. Mwana amene wasankhabe kunena "Padangokhala" ndi wosowa, ndipo tikamuseka kamodzi sabwereranso. Tikhoza kujambula mawu a agogo onse n'kuwasunga m'makompyuta, koma popanda wokamba watsopano tidzakhala tasunga mbewu m'nkhokwe popanda wodzala. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Udindo wathu monga ophunzira ndi aphunzitsi a chiyankhulo ndi kukhala oyamba kuyankha kuti, "Tili tonse," ngakhale mawu a wokambayo akunjenjemera.