Apongozi akuti mkaka wanga sukukwanira

Azakhali,

Ndili ndi zaka 22 ndipo mwana wanga woyamba wakwanitsa masabata asanu. Ndimakhala ku Ndirande, amayi anga ali kutali ku Dedza. Mwanayu amalira kwambiri usiku, komanso nsonga za mabere anga zang'ambika moti ndikamuika kubere ndimachita kukukuta mano. Apongozi, omwe anabwera kudzatithandiza, akuti mkaka wanga ndi wochepa, tiyambe kumupatsa madzi ndi phala lamadzimadzi. Mnzanga wandiuza kuti kuli magulu a amayi oyamwitsa, koma sindikudziwa poyambira, ndiponso ndikuchita manyazi. Kodi sakandiseka kuti umayi wandikanika?

Mayi wosowa mtendere, Ndirande

Mwanawe,

Pita kugululo, ndipo usachedwe. Vuto lakoli likufunika munthu wokhala nawe pamkeka, woona ndi maso mmene mwanayo akugwirira bere. Kalata yangayi siingachite zimenezo.

Nsonga zikang'ambika, kawirikawiri n'chifukwa choti mwana akuyamwa kansonga kokha. Ayenera kuyasamula kwambiri, alowetse m'kamwa gawo lalikulu la mbali yakuda yozungulira nsongayo, mlomo wake wam'munsi upindikire kunja, chibwano chikhudze bere, mimba yake igundane ndi yako. Akagwira chonchi ululu umachepa, naye amapeza mkaka wochuluka. Mayi amene wayamwitsapo ana angapo amaliona vutoli pakanthawi kochepa. Amangokusunthira mkono pang'ono, n'kumusendeza mwanayo pafupi, basi iwe n'kumva kusiyana.

Poyambira ndi kusikelo. Mwana akakwanitsa masabata 6 amayenera kukabayitsa katemera, koma popeza uli ndi zilonda usadikire tsikulo. Tenga buku lake la kuchipatala ndi matewera, ukafunse namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa dera lako kuti gulu la amayi limakumana kuti ndiponso tsiku liti. M'madera ambiri muli magulu otchedwa Care Group, momwe amayi odzipereka amaphunzira za kadyetsedwe ka ana, ndipo aliyense amayendera mabanja pafupifupi khumi oyandikana naye. Mwina mmodzi wa iwo amakhala mumzere wa nyumba zanu zomwezo. Amayi a kumpingo nawonso amadziwa zambiri za zoterezi, afunse.

Za manyazi ndikumvetsa. Koma amene ukawapezeko ndi anzako ogona tulo toduladula, ena malaya atanyowa ndi mkaka, ena akuuzidwa kunyumba mawu omwewo amene ukuuzidwa iwewo. Tsiku loyamba ukhoza kungokhala n'kumamvera. Chokhacho usabwereko usanapemphe wotsogolera kuti akuone ukuyamwitsa, ngakhale pambali ngati pagulu pakukuvuta. Ufunsenso akuphunzitse kufinya mkaka ndi manja, chifukwa timadontho take tikauma pansongapo timathandiza zilonda kupola.

Tsopano za mkaka wochepazo. Kulira kokha si umboni woti mwana sakukhuta. Werenga matewera: ngati akukodza kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo patsiku, ndipo kusikelo akukwera, mkaka ukumukwanira. Pamsinkhu umenewu kuyamwa maulendo 8 mpaka 12 usana ndi usiku si zachilendo. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira. Ukamudzaza kamimba ndi madzi kapena phala, ayamwa pang'ono, mkaka uchepadi, ndipo ukhala utamutsegulira khomo la matenda otsegula m'mimba. N'chifukwa chake Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO amati mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6, ngakhale kutenthe bwanji m'mwezi wa October, kenako ayambe zakudya zina akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Apongozi usakangane nawo. Akumva mdzukulu wawo akulira usiku, mtima ukuwawawa, ndiye akupereka nzeru imene analerera ana awo. Uwauze mwaulemu kuti, "Amayi, tandiperekezeni kusikelo, mukandithandize kumva zimene akanene." Mawu a namwino ndi a agogo anzawo amene angawapeze kugululo adzawalowa bwino kuposa ako. Uwapatsenso gawo lawo: mwana akatha kuyamwa amunyamule paphewa kuti ageye, iwe upumeko, udye mokwanira, umwe ukamva ludzu. Bambo a mwanayo nawonso amve nkhaniyi, kuti isaoneke ngati mkangano wa mkamwana ndi apongozi.

Kumbukira kuti gulu si chipatala. Wina akakuuza za mankhwala oonjezera mkaka, kaya a zitsamba kaya ogula, yamba wafunsa namwino. Bere likatupa, kufiira ndi kuuma, iwe n'kumatentha thupi kapena kumva tsembwe, pita kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo usasiye kuyamwitsa pokhapokha atakuuza a zaumoyo. Chimodzimodzinso mwana akakana kuyamwa, akatentha thupi, akafooka kapena akamapuma mofulumira, thamanga naye kuchipatala ngakhale ndi usiku.

Azakhali