Madzi Otuluka m'Miyala ndi Mano a Ana Athu

Munthu akafika ku Makuzi, kufupi ndi Chintheche, amaona miyala ikuluikulu m'mbali mwa nyanja. Miyala yambiri ya chigawo chino ndi ya mtundu wotchedwa gneiss. Kalekale inali pansi penipeni pa dziko, kumene kutentha ndi kupanikizika kunaisintha mpangidwe wake. Kodi miyalayi ikukhudzana bwanji ndi umoyo wathu?

Nyanja ya Malawi yagona m'chigwa chimene chinapangika dziko litang'ambika, motero miyala ya m'mphepete mwake ili ndi ming'alu yakuya. Madzi a mvula amatsika m'ming'alumo atasakanikirana ndi mpweya umene umawapatsa asidi pang'ono. Akafika pakuya amatentha kwambiri, ndipo madzi otentha a asidi amadya mwala pang'onopang'ono: mbali zina zimasanduka dongo, zina zimasungunuka ngati mchere. Pobwerera kumtunda, madziwo amakhala atasenza zimene asungunula. Umu ndimo amayambira akasupe otentha, monga a ku Chiweta m'boma la Rumphi ndi a ku Mawira ku Nkhotakota. Madzi otere amatha kulowanso m'zitsime ndi m'mijigo yoyandikira.

Mwa zimene madziwa amasenza muli mchere wotchedwa fuloraidi. Ukakhala wochepa umalimbitsa mano, koma ukachuluka umawononga. M'chaka cha 1984 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika malire akuti usapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Mwana wosakwana zaka 8 akamamwa madzi opitirira muyeso umenewu, mano ake amamera ndi mawanga oyera ngati choko, amene pambuyo pake amafiirira. Munthu akawamwa zaka zambiri, mafupa ndi msana zimauma. Si ufiti ayi, ndiponso si uve wa mwanayo.

Tsono inu makolo, kumbukirani izi:

1. Musamwe kapena kuphikira madzi a pa kasupe wotentha.
2. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo, koma sikuchotsa fuloraidi.
3. Mcherewu suoneka, sununkha, ndiponso sumveka pa lilime. Pemphani alangizi a zaumoyo kuti madzi a pa mjigo wanu akayezedwe.
4. Mukaona ana ambiri a m'mudzi mwanu ali ndi mano a mawanga, kaneneni ku chipatala msanga.

Mawanga akakhazikika pa dzino sachokanso ndi mswachi. Nthawi yoteteza mano a mwana ndi pamene mano ake achikulu asanamere.