Njoka Yosungidwa Ikakana Kudya: Phunziro kwa Woweta

Kuno ku Chifunda njoka sitiiweta. Timakumana nayo m'munda wa mpunga, pansi pa nkhokwe ndi m'mbali mwa Luangwa. Koma kumaiko ena anthu amaweta njoka m'nyumba, makamaka kansato kofatsa kotchedwa ball python, kochokera ku Ghana, Togo ndi Benin. Muno m'Zambia njoka zimasungidwa kumalo monga Kalimba Reptile Park pafupi ndi Lusaka. Chimene chimasautsa osunga njoka kwambiri ndi chakuti njoka yatsopano imakana kudya. Tiphunzirepo, pakuti zimene zimailetsa kudya n'zofanana ndi zimene zimaletsa kalulu kapena nkhanga yatsopano m'khola lanu.

Chifukwa chake imakana

Choyamba ndi mantha. Njoka ikameza chakudya imalemedwa ndipo singathawe msanga, motero siidya pamalo pamene ikuona kuti pali adani. Bokosi lopanda pobisala, phokoso la ana ndi manja oigwiragwira, zonsezi kwa iyo ndi adani.

Chachiwiri ndi kuzizira. Thupi la njoka silidzifunditsa lokha monga la mbuzi. Limadalira kutentha kwa malo. Ikazizidwa, chakudya sichigayika m'mimba. N'chifukwa chake m'miyezi ya Juni ndi Julayi njoka zimadya pang'ono.

Chachitatu ndi kufundula. Ikatsala pang'ono kuvula khungu, maso ake amachita nkhungu, siiona bwino, ndipo imasiya kudya kufikira itafundula.

Zoyenera kuchita

1. Njoka yatsopano isiyeni sabata yathunthu osaigwira. Muipatse madzi oyera okha.

2. Ikani pobisala pawiri, pothina ndi pamdima: pena kumbali yofunda, pena kumbali yozizirirapo. Chibade cha mphika chovundikira chimakwanira. Kwa ball python, mbali yofunda ikhale ya madigiri 31 mpaka 33, yozizirirapo ikhale pafupifupi 26.

3. Perekani chakudya madzulo kukamada, pamene njoka yotere imayamba kusaka. Mukaika, chokanipo.

4. Mbewa isanenepe kuposa pamene thupi la njokayo lakula kwambiri. Ikhale yakufa kale koma yofunditsidwa, pakuti nsato ili ndi timaenje pamilomo timene imamvera kutentha kwa nyama. Khoswe wamoyo mukamusiya m'bokosi akhoza kuluma njoka yamanthayo n'kuivulaza. Mbewa yofa ndi mankhwala a makoswe musaipereke konse.

5. Ikakana, chotsani chakudyacho m'mawa ndipo mudikire sabata ina. Kuipatsa tsiku ndi tsiku kumangoonjezera mantha.

6. Ikadya, musaigwire masiku awiri, kuopa kuti ingasanze.

Njoka yaikulu yathanzi imatha miyezi ingapo osadya, choncho kuikanula pakamwa n'kuikakamiza chakudya kumaononga kuposa njalayo. Muziiyeza pasikelo mwezi ndi mwezi n'kumalemba. Ikayamba kuonda msanga, kutuluka thovu m'mphuno, kupuma mobanika kapena kutupa m'kamwa, pamenepo pakufunika dokotala wa zinyama.

Chenjezo

Phunziroli silikutumani kukagwira njoka kuthengo. Dera lathu lili mu Musalangu Game Management Area, moyandikana ndi North Luangwa National Park, ndipo lamulo la zinyama zakuthengo la 2015 sililola munthu kusunga nyama yakuthengo popanda chilolezo cha Department of National Parks and Wildlife. Komanso mphiri ndi mamba zimapha. Njoka imene simukuidziwa musaiyandikire, ndipo wolumidwa mupite naye kuchipatala msanga. Pali njoka yofiirira yopanda ululu, ya mizere yotuwa m'mbali mwa mutu, imene imakonda kukhala pafupi ndi nyumba. Imeneyi siifuna bokosi: imadzisakira yokha makoswe amene amatha mpunga ndi chimanga chathu. Kuipha n'kuthandiza makoswe.

Phunziro kwa mlimi

Chiweto chikakana kudya, ambiri amathamangira kusintha chakudya kapena kugula mankhwala. Woweta wanzeru amayamba wayang'ana khola. Kodi muli pobisala? Kodi mphepo ikulowa usiku? Kodi agalu akuzungulira? Kalulu wogulidwa dzulo afunika malo abata ndi udzu umene anazolowera kwa mwini wake woyamba. Anapiye a nkhanga afunika kufunda asanayambe kujompha. Kusiyana kwake n'kwakuti njoka ikhoza kudikira miyezi, pamene kalulu amene watha tsiku lathunthu osadya ali kale pangozi, ndipo mlangizi wa ziweto ayenera kudziwitsidwa tsiku lomwelo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani zifukwa zitatu zimene njoka yosungidwa imakanira kudya.

2. N'chifukwa chiyani khoswe wamoyo sayenera kusiyidwa m'bokosi la njoka?

3. Yenderani khola lanu sabata ino. Kodi chiweto chatsopano chingabisale pati, ndipo usiku chingafunde bwanji?