Matenda a schizophrenia: kuyeza mmene ubongo ukugwirira ntchito

Kodi m'bale wanu wodwala schizophrenia akumwa mankhwala, mawu amene ankamva m'mutu analeka, koma akuiwalabe zinthu ndi kusiyira ntchito panjira? Si ulesi ayi. Matendawa amafooketsanso nzeru zokumbukira, zotchera khutu ndi zolinganiza zochita. Mankhwala monga haloperidol amachepetsa mawu aja, koma pa vuto ili sathandiza kwenikweni.

Kodi amayeza bwanji?

Satenga magazi ndipo sizipweteka. Wachipatala amapempha wodwala kuchita izi:

- Kutchula mayina a nyama ambiri m'masekondi 60.
- Kubwereza manambala chobwerera m'mbuyo. Akamva 7, 2, 9, iye anene 9, 2, 7.
- Kulumikiza papepala 1-A-2-B-3-C mwachangu. Mayesowa amatchedwa Trail Making Test.
- Kusanja makadi potsata mtundu, kaonekedwe kapena chiwerengero. Lamulo losanjira limasintha mosachenjeza, kuti aone ngati wodwala asintha nalo. Awa ndi Wisconsin Card Sorting Test.

N'zofunika bwanji kumgodi?

Pansi pa mgodi munthu ayenera kukumbukira malangizo ndi kuganiza msanga alamu ikalira. Kuiwala chinthu chimodzi kungavulaze gulu lonse. Zotsatira za mayesowa zimathandiza dokotala wa pamgodi kuona ntchito imene wodwala angagwire popanda ngozi.

Pokayezetsa, kumbukirani:

- Pemphani womasulira. Kusamva Chingerezi kumatsitsa zotsatira.
- Nenani pamene wodwala analekeza sukulu.
- Agone mokwanira, asamwe mowa kapena kusuta chamba.
- Asasiye mankhwala popanda kufunsa dokotala.