MUDZI WOPANDA MAPIRI

Anzanga, buku limene ndifuna kuti tiliphunzire pano dzina lace ndi The Giver. Analilemba ndi mai Lois Lowry a ku America. Linaturuka m'caka ca 1993, ndipo mu 1994 linalandira mphotho ya Newbery. Ndinalitsiriza m'masiku atatu, koma kufikira lero mtima wanga uli pawiri.

Nkhani yace ndi iyi. Mnyamata Jonas akhala m'mudzi wa m'tsogolo m'mene mulibe njala, nkhondo kapena umphawi. Koma mulibenso kusankha. Akulu a mudzi ndiwo asankhira munthu nchito, mkazi ndi ana omwe. Anthu saona kufiira kapena kubiriwira, sadziwa nyimbo, ndipo mapiri anawacotsa cifukwa anali kucedwetsa magalimoto a katundu. Pofika zaka 12, Jonas apatsidwa nchito yosunga zikumbukiro za anthu akale, zokoma ndi zowawa zomwe. Nkhalamba ina ndiyo imampatsa zimenezi pomsanjika manja pamsana.

Zimene ndinakonda ndi ziwiri. Coyamba ndi nkhani ya mapiriyo. Nditaiwerenga ndinasuzumira pa zenera la kogona, ndi kuona Phiri la Dedza, la msinkhu wa mamita 2,198. Kuno cisanu cimatiluma m'mwezi wa June, ndipo amai osenza nkhuni amatopa ndi zitunda. Koma ndani mwa ife angalole kuti phirili alisalaze? Akulu anati walira mvula walira matope. Anthu a m'bukumo anakana matope, ndipo mvula inawathawa.

Caciwiri ndi liu limodzi. M'mudzimo sanena kuti munthu waphedwa, amati wamasulidwa. Jonas aona atate wace akubaya khanda lamapasa ndi jekeseni, cifukwa linali locepa thupi kuposa linzace, ndipo atatewo alankhula nalo mokoma ngati palibe kanthu. Apa tiphunzirapo kucenjera ndi mau osalala, pakuti coipa cikabvala dzina labwino anthu amacizolowera.

Tsono zimene zinandibvuta. Ndiganiza kuti mlembi wayankha msanga funso lolemera. Agogo anga anaona njala ya 2002, pamene anthu anali kudya nthoci zosakhwima ndi gaga. Nditawafotokozera za mudzi wopanda njalawu, iwo anangofunsa njira yopitira kumeneko. Sindinawaseke ai. Ufulu ndi wa mtengo wace, ndipo makolo athu anaonetsa zimenezi pa 14 June 1993, caka comweco cimene bukuli linaturuka, posankha zipani zambiri. Koma wokhuta asafulumire kuweruza wanjala.

Cina ndi mathero ace. Jonas athawa pa njinga ndi khanda Gabriel, limene linati liphedwe m'mawa mwace. Afika pamwamba pa phiri ali pafupi kufa ndi cisanu, atsetsereka, amva ngati nyimbo patsogolo, ndipo buku lithera pomwepo. Kodi anapulumuka? Mabuku otsatira, Messenger la 2004 ndi Son la 2012, aonetsa kuti anakhala ndi moyo, koma wowerenga buku loyambali amasiyidwa pakati pa njira. Ndiponso sitiona cimene cinagwera anthu otsala m'mudzimo pamene zikumbukiro zinawabwerera, ngakhale cimeneci ndico cinali colinga ca kuthawako.

Ngakhale ziri tero, ndikupemphani kuti muliwerenge. Mukatsiriza mufunenso Azotus the Kingdom, la 2015, limene Shadreck Chikoti wa kuno kwathu analemba za Africa wa zaka 500 zikudzazo.

Mafunso okambirana m'kalasi:
1. Kodi mungalole kuti ena akusankhireni nchito ngati akulonjezani kuti simudzagona ndi njala?
2. Chulani mau ena osalala amene anthu amabisira coipa.
3. Kodi Jonas anacita bwino kusiya anzace m'mudzimo?

Wophunzira wa Fomu 3