Galimoto Ikamakokera Mbali Imodzi

Ambirife tinakwerapo minibasi imene chiwongolero chake chimakhala chopendekeka ngakhale pamsewu wowongoka, dalaivala n'kumangolimbana nacho. Timati ndi mmene galimotoyo ilili. Koma amene tinatsikapo Khwekhwerere, kuchoka pa Masasa kulowera ku Golomoti, tikudziwa kuti pa makona amenewo galimoto iyenera kumvera dzanja nthawi yomweyo, makamaka chifunga cha mu June ndi July chikaphimba msewu.

Kumvera kumeneku kumadalira kaimidwe ka matayala akutsogolo, ndipo amakaniko amayeza zinthu zitatu.

Choyamba ndi toe. Tikayang'ana galimoto kuchokera pamwamba, matayala angaloze m'kati pang'ono ngati mapazi a mwana wophunzira kuyenda, kapena kunja. Tiyeni tiwerengere. Limu ya mainchesi 15 ndi yotakata pafupifupi mamilimita 380. Ikapotoka ndi mamilimita 2 okha, tayala limakwekwerezeka cham'mbali pafupifupi mamita 5 pa kilomita iliyonse. Kuchoka pa Dedza boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, choncho pa ulendo umodzi tayalalo lakhulidwa pa phula mamita oposa 400. N'chifukwa chake tayala latsopano limatha dzinja lisanafike. Likaloza m'kati mopitirira limadyeka m'mphepete mwa kunja, likaloza kunja limadyeka m'kati, ndipo tikasisita ndi dzanja timamva timano ngati ta sowo.

Chachiwiri ndi camber, kupendekeka kwa tayala tikaliona kuchokera kutsogolo. Mbali ziwirizi zikasiyana, galimoto imakokera kumene mutu wa tayala wapendekera kunja kwambiri. Apa tikumbukire ma Probox ndi ma pikapu onyamula kachewere ku Bembeke ndi pa Lizulu: katundu akachuluka kumbuyo, kutsogolo kumapepuka, kaimidwe ka matayala kamasintha, chiwongolero n'kumangoyandama.

Chachitatu ndi caster. Tonse timaidziwa pa njinga ya kabaza: foloko yake inapendekera kumbuyo, n'chifukwa chake njinga imadziwongola yokha ikathamanga. Pa galimoto, caster ndi imene imabweza chiwongolero pakati tikatuluka pa kona. Chikamakana kubwerera, pali vuto.

Tsono chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan, chosinthika ndi toe yokha, kudzera pa tie rod. Camber kapena caster ikasokonekera, nthawi zambiri ndiye kuti chitsulo china chinapindika titagunda dzenje, kapena ma bushi ndi ball joint anatha. Kupotokola tie rod pa galimoto yotere ndi kutaya ndalama, chifukwa patapita mlungu umodzi imayambanso kukoka. Ife timadabwa ndi eni magalimoto amene amakana kugula ball joint imodzi koma amagula matayala awiri chaka chilichonse.

Choncho tiyambe ndi mpweya, poti tayala lochepa mpweya nalonso limakoka. Kenako tiikweze pa jeke, tigwire tayala uku ndi uku n'kuligwedeza. Likamachita khobokhobo, tisinthe chitsulo chotha kaye. Pamenepo m'pamene tingapite kokayeza, ndipo tionetsetse kuti makaniko akusintha tie rod mbali zonse ziwiri, apo ayi chiwongolero chitsala chopendekeka. Kumene kulibe makina, chingwe chomangidwa mowongoka m'mbali mwa galimoto ndi tepi yoyezera zimathandiza pa toe, bola pansi pakhale pathyathyathya.

Tisaiwale kuti misewu imamangidwa yotsetsereka pang'ono kuti madzi a mvula azipita m'mphepete. Popeza kuno timayendera kumanzere, galimoto yabwinobwino imatha kulowera kumanzere pang'onopang'ono pa M1. Ikamathawira kumanja, kapena ikamakoka mwamphamvu tikaponda mabuleki, tisanyamule nayo akwaya kapena ophunzira anzathu kutsikira ku Golomoti isanaonedwe.