Khungu Likada pa Chithandizo cha Radiotherapy

Funso: Adokotala, ndili m'sabata yachitatu ya radiotherapy chifukwa cha khansa ya m'mawere, koma khungu lada ndipo likuyabwa. Kodi ndileke?

Yankho: Musaleke ayi, mayi, pakuti cheza chimene chikupha khansayo chimawaula khungu podutsa, makamaka m'khwapa ndi kunsi kwa bere kumene thukuta limakhala, ndipo ngakhale kuwaukako kungakule kufikira masabata 2 chithandizo chitatha, pambuyo pake khungu limapola, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sambani madzi ofunda, osakhula, ndipo popukuta muzingogunditsa kansalu kofewa. Valani malaya a thonje otaya, malowo muwabise ku dzuwa, ndipo zitsamba musapakepo. Khungu likasupuka n'kuyamba kuchucha madzi, akuoneni anamwino tsiku lomwelo.